Gogodera ikuchedwa kulira: vuto ndi pulagi kapena wonga?

Nkhwazi50

Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Mfuti ndi gogodera yamakono ya .50, yothyola pakati, yoyatsira ndi primer ya 209 (kachitsulo kophulika kamene kamayatsa wonga). Wonga ndi Blackhorn 209, chipolopolo ndi chovekedwa sabot (kachikho kapulasitiki kokuta chipolopolo kuti chithine mumpope). Ikangotsukidwa imalira bwinobwino, koma ikawomba kangapo imayamba kuchedwa: imveka kaye primer kuti tha, pakadutsa kamphindi ndi pomwe wonga ugwira. Nthawi zina sugwira n'komwe. Ma primer owombedwa akutuluka akuda bii ndi mwaye, ena akumakanirira mpaka kuchita kuwazula ndi pulayala.

Pulagi yotseka kumbuyo kwa mpope imanyikidwa m'mankhwala otsukira nthawi zonse, ndipo mukaiyang'ana pa kuwala kabowo kake kamaoneka kotseguka. Ndiye vuto lili pati? Kodi pulagi imatha ntchito, nanga munthu angadziwe bwanji kuti yatha? Pa mazinga pake chabwino n'chiti, gilisi kapena tepi?

Chitsulo_Chozizira

A Nkhwazi, kuona kuwala pa kabowo sikutanthauza kuti pulagi ndi yoyera. Mkati mwa pulagi yanuyo muli zigawo zitatu, ndipo chimene chikukuvutitsani ndi chapakati, chimene maso sachiona bwino.

Kumbuyo kwenikweni kuli kachikho kokhalamo primer. Kuchokera apo pali mpita wa moto, bowo lalikulupo komanso lalitali. Pa mapulagi ambiri m'mimba mwake ndi 1/8 ya inchi, kapena kuti mamilimita 3.2, pomwe ena, makamaka a kampani ya CVA, ndi mamilimita 3. Kumapeto kwa mpitawo ndiye kuli kabowo kakang'ono kosafika milimita imodzi, kotulukira lawi kupita ku wonga. Primer ikaphulika, mpita umalandira mpweya wotentha wonse nthawi imodzi n'kuuthira pa kabowo kaja. Koma primer iliyonse imasiya kaboni pa makoma a mpitawo. Kaboni ameneyu si mwaye wofewa wopukuta ndi nsanza ayi. Amauma gwa, amakhala wosalala, ndipo amafanana ndi chitsulo moti munthu amaganiza kuti mpita anaupanga wopapatiza choncho. Mankhwala otsukira samusungunula, ngakhale mutanyika usiku wonse. Mpita ukachepa, mpweya wa primer umasowa kolowera, wina umabwerera m'mbali mwa primer, n'chifukwa chake ikutuluka yakuda ndi kukanirira, ndipo lawi lofika ku wonga limakhala lofooka. Wonga wakuda weniweni ungathe kugwirabe ndi lawi lotere. Blackhorn 209 ayi, ndi wovuta kuyatsa.

Chochotsera kaboniyu ndi biti ya dirilo yozunguliza ndi zala. Chitani motere.

Tsimikizani kaye kuti mumpope mulibe kanthu, masulani pulagi, ndipo muyambe ndi biti pulagiyo ikadali youma, chifukwa kaboni wouma amagumuka bwino pomwe wonyowa amangomatirira. Tengani biti yofanana ndendende ndi mpita wa pulagi yanu. Kukula kwake onani m'buku la mfuti, kapena yesani pa pulagi yatsopano ya mtundu womwewo. Musatenge yokulirapo. Kulungani tepi kumchira kwa biti kuti zala zigwire bwino, kapena imangeni m'kachogwirira ka pamanja. Ilowetseni kuchokera ku mbali ya primer, zungulizani pang'onopang'ono, tulutsani, gogodani pulagi pa thabwa kuti fumbi lakuda ligwe, bwerezani. Ngati sizinachitikepo, biti idzakana kulowa poyamba ndipo mudzayesa kuti mwatenga yolakwika. Pitirizani. Mudzamva kuti yafika pansi ikayamba kuzungulira mosalala popanda kutulutsa chakuda.

Dirilo yamagetsi musaiyandikize n'komwe. Zala sizingadule chitsulo cha pulagi, koma makina amadya pansi pa mpita, kufupikitsa kabowo kamoto kapena kukaboola kumene.

Kachikho ka primer kapaleni ndi kamtengo kosongola kapena kachitsulo ka buraasi, makamaka m'kona mmene primer imatsamira. Apa musadyepo chitsulo, chifukwa mukakuza kuya kwa kachikho primer idzakhala yogwedera mpaka kale. Kabowo kamoto pisanimo waya wofewa wosalala. Mukatero ndi pomwe mutsuke ndi mankhwala. Kwa Blackhorn gwiritsani amafuta monga Hoppe's No. 9, omwe aja otsukira mfuti za makatiriji. Madzi ndi sopo amasandutsa zotsalira zake kukhala phala lomata. Pomaliza chotsani mafuta onse ndi sipiriti wa isopropyl wa 91 peresenti kapena wamphamvu kuposa apo, kapena sipure yotsukira mabuleki, uzirani ndi mpweya, siyani iume. Mumpita ndi m'kabowo simuyenera kutsala dontho la mafuta.

Biti ija ikhale m'bokosi limene mumapita nalo kowombera. Ndi primer zamphamvu, mpita umafuna kupalidwa mukawomba maulendo 10 mpaka 20, osadikira kutsuka kwa madzulo.

Onaninso primer zimene mukugula. Zolembedwa kuti ndi za gogodera anazichepetsa mphamvu dala kuti zigwirizane ndi ma pellet (wonga woumbidwa kale m'timibulu) ndi wonga wa Triple Seven, ndipo Blackhorn siziiyatsa mokhulupirika. Iyeyu amafuna primer za mfuti ya zifefe zamphamvu zonse, monga CCI 209M kapena Federal 209A. Chinanso ndi nkhope ya pulagi. Mapulagi ena anawapangira ma pellet, nkhope yake ndi yafulati ndipo moto umayenda mtunda wautali. CVA imagulitsa pulagi yapadera ya Blackhorn, yokumbika mkati kuti wonga ufike pafupi ndi kabowo. Ngati mfuti yanu ndi ya kampani imeneyo ndipo muli ndi pulagi yobwera nayo, yambirani pamenepo.

Komanso sabot ikamatsika mumpope mosavuta, musaimbe mlandu pulagi. Blackhorn amafuna chipolopolo chothina, chotsindiridwa mwamphamvu pa wonga, apo ayi primer imangochikankha mpweya n'kuthawa moto usanakolere.

Mpimo_Wolondola

Zimene anena a Chitsulo ndi zoona, ndingowonjezera za kutha kwa pulagi poti mwafunsa.

Inde imatha, ndipo chimene chimatha ndi kabowo kamoto. Wonga ukagwira, mpweya wotentha wa mumpope sumangokankha chipolopolo. Wina umabwerera m'kabowo kaja mwaliwiro ndipo umanyambita chitsulo pang'onopang'ono. Wonga wochuluka ndi chipolopolo cholemera zimafulumizitsa kudyekaku. Pulagi yatsopano kabowo kake kamakhala pakati pa 0.028 ndi 0.032 ya inchi, mwina tinene mamilimita 0.7 mpaka 0.8. Kakafika 0.035, pafupifupi mamilimita 0.9, pulagiyo yagwira ntchito yake, gulani ina.

Kusiyana kumeneku n'kochepa kwambiri moti ndi diso simungakuone. Muyeso wabwino ndi timapini toyezera mabowo, koma tibiti tamanambala timagwiranso ntchito: nambala 70 ndi 0.028, nambala 68 ndi 0.031, nambala 66 ndi 0.033, nambala 65 ndi 0.035. Lowetsani kumchira kosalala, osati kodulira, pulagi itatsukidwa kale, ndipo musakakamize. Kamene kalowa mosavuta ndiwo muyeso wanu. Nambala 65 ikadutsa, basi. Yezani pulagi ikadali yatsopano mulembe penapake, kuti muzidziwa poyambira. Yang'ananinso ndi galasi lokuzira zinthu, chifukwa kabowo kamatha kudyeka mbali imodzi n'kukhala kozungulira ngati dzira, kapini n'kumakanabe kulowa koma malo odutsa mpweya atakula kale.

Dziwani kuti kabowo kokula sikamalepheretsa mfuti kulira kawirikawiri. Zizindikiro zake ndi zina: primer zotupa kapena zophwatalala, zokanirira, mwaye wambiri kumbuyo, mpita kudzaza kaboni msanga kuposa kale, ndi zipolopolo kuyamba kumwazikana pa chandamale popanda chifukwa chooneka. Ndiye pa vuto lanu kuchedwa kulira n'kwa kaboni, koma kukanirira kwa primer kungakhale kwa zonse ziwiri. Palani kaye, yezani pambuyo.

Pali amene amalangiza kukuza kabowo ndi biti kuti moto uzidutsa wambiri. Musatero. Mukhala mwaikalambitsa nokha pulagi tsiku limodzi. Njira yabwino kwa owomba kwambiri ndi pulagi yokhala ndi kasikuluwu kobowoka kosinthika kumapeto, monga inalili ya mfuti ya Savage 10ML-II. Kakatha mumangosintha kasikuluwuko. Amisiri a mfuti amatha kusintha mapulagi ena kukhala otero, koma si ntchito yoyesera pakhomo.

Tsopano za mpata wa kumbuyo kwa primer, zimene ambiri sazilabadira. Mfuti yothyola pakati mukaitseka, nkhope ya fulemu iyenera kukanikiza primer pang'ono kuti itsamire zolimba pansi pa kachikho. Pakakhala mpata, primer imabwerera m'mbuyo pophulika, mpweya n'kutuluka m'mbali, ndipo mphamvu imene ikanapita ku wonga imathera kudetsa fulemu. Kuyeza kwake n'kosavuta ngati muli ndi kalipa, chida choyezera utali wa tinthu tating'ono. Mumpope mulibe wonga, mlomo wa mfuti waloza kopanda munthu, chala kutali ndi tiriga. Yezani utali wa primer yatsopano, iikeni, tsekani mfuti, tsegulani, yezaninso. Ikafupika ndi pafupifupi 0.003 ya inchi, zili bwino. Ikapanda kusintha, pali mpata.

Ma primer a 209 si ofanana utali. Onse ali cha m'ma 0.300 ya inchi, koma amasiyana malinga ndi kampani, ndipo Winchester W209 imakonda kukhala yotalikirapo, moti kungosintha mtundu nthawi zina kumathetsa mwaye. A ku Ulaya monga Cheddite ndi Fiocchi amakhala onenepa pang'ono, ndipo m'mapulagi ena amakanirira ngakhale zonse zili bwino. Pa mfuti za CVA pali timawashala topyapyala toika kuseri kwa bushi, kachitsulo kamene pini yowombera imadutsamo, kuti bushiyo ituluke pang'ono. Ena amaika kamphira kozungulira pansi pa kachikho. Kamagwira ntchito koma kamapsa, kamafuna kusinthidwa pafupipafupi. Musapyole muyeso. Primer ikakanikizidwa kwambiri mfuti siitsekeka mokwanira, ndipo kumenyetsa potseka primer yamoyo ili m'kati n'kusewera ndi ngozi.

Chomaliza, mfuti ikakana musiyanitse zinthu ziwiri. Ngati primer yalira koma wonga sunagwire, vuto ndi njira ya moto. Ngati primer sinalire ndipo ili ndi kachizindikiro kosazama, vuto ndi pini. Mwaye wobwerera uja umalowa m'bushi n'kumanga pini ndi sipuling'i yake. Masulani bushiyo, tsukani, pakani mafuta ochepetsetsa.

Namlenje

Za mazinga ndiyankhe ine, poti apa ndi pamene mapulagi ambiri amafera.

Musanaganize za gilisi kapena tepi, tsukani mazinga a mbali zonse ziwiri. Anthu amapukuta a pulagi n'kuiwala a mumpope. Pamafunika burashi yanayiloni yokulirapo kuposa ya mumpope, muizungulize motsatira mazinga, kenako kansanza kokulunga pa burashi yomweyo mpaka katuluke koyera. Yang'ananinso phewa limene pulagi imakakhalapo ikafika kumapeto. Mapulagi ena amatseka mpweya ndi mlomo wakutsogolo, ena ndi mkombero wakumbuyo. Pamalo amenewo pakatsala kambewu ka wonga kapena kachibulumwa ka kaboni, pulagi siifika, mpweya umalowa m'mazinga, ndipo pa mfuti yothyola pakati imatsalira kunja pang'ono mfuti n'kumavuta kutseka. Mukatulutsa wonga wosawombedwa kudzera kumbuyo, mbewu zake zimagwera m'mazinga odzola gilisi n'kumatirira, ndiye muzitsuka musanabwezere pulagi.

Gilisi woyenera ndi woletsa zitsulo kugwirana, wopirira kutentha, uja wosakaniza kopa kapena nikelo, kapena wogulitsidwa ndi opanga mfuti. Mafuta wamba a mfuti amapsa n'kutha. Pakani wochepa koma afike m'zinga lililonse, makamaka akutsogolo amene amayamba kukumana ndi moto. Pa nkhope ya pulagi ndi pa kabowo pasafike gilisi. Wochuluka amafinyikira kutsogolo pomanga, wonga woyandikana ndi kabowo n'kunyowa, mfuti n'kuchedwa kulira, inu n'kumadabwa poti mwangoitsuka kumene.

Tepi ya PTFE, ija yomangira mapaipi a madzi, imagwiranso ntchito ndipo siidetsa manja. Kulungani kamodzi kapena kamodzi ndi theka, molowera mbali yoti pomanga pulagi tepiyo izithina osati kumasuka, ndipo idinikizeni ndi chala kuti mazinga aonekere. Ikamakwinyika polowa ndiye kuti yakhuthala kwambiri pa mfuti imeneyo, bwererani ku gilisi. Pa mapulagi a mazinga odukizadukiza monga Speed Breech XT ya Thompson/Center, yomasuka ndi kupotoza kotala chabe, tepi siyoyenera. Pa omasula ndi zala monga QRBP ya CVA ndi Accelerator ya Traditions, tsatirani zimene buku lake likunena. Kuona kwanga, pa Blackhorn kagilisi kochepa n'kokwanira, chifukwa wonga ameneyu samanga mapulagi. Womanga ndi Triple Seven, amene zotsalira zake zimauma ngati simenti, ndipo ndi iyeyo tepi imathandiza kwambiri.

Pomanga, ifike pa phewa ndi kukhazikika, osaposa apo. Siimafuna mphamvu za boti ya tayala. Koma isakhalenso yogwedera, chifukwa ikatero mpweya umalowa m'mazinga n'kuimata. Mukamawomba ndi wonga wa Triple Seven kapena wa Pyrodex kowombera, mukawomba maulendo asanu kapena khumi masulani pulagi pang'ono mpope ukadali wofunda, mumpope mulibe kanthu, n'kuimanganso. Izi zimathyola chikhakha chisanalimbe.

Ikakanirira kale, musathamangire mphamvu. Yezani ndi ndodo yotsindira kuti mudziwe ngati muli wonga. Ngati ulimo, uphedwe kaye ndi madzi. Chotsani mpope pa mtengo wake, chotsani sikopu, mangani mpope m'vaisi yotchinjiriza ndi matabwa kapena chikopa. Ngati wonga unali wakuda, Pyrodex kapena Triple Seven, imikani mpope mlomo kumwamba, tsekani kabowo, thiranimo madzi otentha a sopo, chifukwa zimene zamanga pulagi ndi mchere wosungunuka m'madzi osati m'mafuta. Ngati ndi dzimbiri, thirani mafuta olowerera mbali zonse ziwiri ndipo agone usiku. Gwiritsani soketi ya makona 6 yokwana ndendende. Ya makona 12 imabulungiza mutu wa pulagi. Kanikizani mosalekeza, osati modzidzimutsa, ndipo nthawi zina kuyamba mwaimanga pang'ono kumathandiza kuti imasuke. Moto wa gasi ayi. Zikakanika apa pitani kwa mmisiri mutu wa pulagi usanathe.

Ndipo pulagi ya chitsulo chosachita dzimbiri musaikhulupirire kwambiri. Wonga wakuda ndi magawo 75 a potassium nitrate, 15 a makala ndi 10 a sulufule, ndipo ukapsa zoposa theka la kulemera kwake zimatsala ngati zolimba. Zotsalirazo zimakoka chinyezi cha mumpweya. Pyrodex ili ndi perchlorate, amene amasiya mchere wa chloride, woluma kwambiri. Chitsulo chosachita dzimbiri chimakumbika timaenje ndithu chikagona nazo. Mfuti yowombedwa ndi mitundu imeneyi itsukidwe ndi madzi tsiku lomwelo.

Nkhwazi50

Zikomo kwambiri nonse, biti ndi tibiti toyezera ndizipeza. Ndifunsenso ziwiri. Kodi pa gogodera zachikale za hamala pambali, zoyatsira ndi kapu (kachisoti kophulika kakamenyedwa ndi hamala), pulagi imamasulidwanso potsuka? Nanga mfuti yoikidwa kale wonga ingagone mpaka mawa osavuta kulira?

Mwala_ndi_Moto

Pa zachikale ayi, achimwene, pulagi siimasulidwa potsuka. Anaimanga mwamphamvu ku fakitale ndipo anaigwirizanitsa ndi mbali za mpope, kuti nipo, kachitsulo kobowoka kovekapo kapu, igwe pansi pa hamala ndendende. Kuimasula ndi ntchito ya mmisiri wokhala ndi zida zake, pakakhala chifukwa chachikulu. Pa mfuti za CVA ndi Traditions za hamala pambali pali chinanso: ka drum, kachitsulo kozungulira kotuluka pambali pamene pamakhala nipo, kamalowa mpaka mkati mwa pulagi n'kuikhoma. Mukapotoza pulagi osachotsa ka drum mumaononga zonse ziwiri, ndipo mukachotsa ka drum kubwezera kuti bowo lake liyang'anenso bwino n'kovuta. Zisiyeni zili chomwecho, tsukani kuchokera kumlomo ndi ku nipo.

Muyenera kudziwa mmene pansi pa mpope wanu panapangidwira. Pali pulagi ya nkhope yafulati, imene wonga umakhala pa iyo pomwepo. Palinso imene ili ndi kachipinda kopapatiza mkati mwake, njira imene Henry Nock wa ku London anailembetsa mu 1787, ndipo mfuti zambiri za mtundu wa Hawken zogulitsidwa masiku ano zili ndi zofanana nayo. Kachipinda kameneka ndi kochepa kuposa mpope, ndiye kansanza ka pa ndodo yotsukira kamaima pakhomo pake osalowa. Mpope umawala, kansanza kamatuluka koyera, koma m'kachipindamo mwadzaza chikhakha ndi mafuta. Kukana kulira kwa mfuti zotere kochuluka kumachokera mmenemo. Lowetsani ndodo yopanda kanthu kumapeto mumve ngati ikugwera m'kabowo kocheperako. Ngati ikutero, pezani burashi yaing'ono, ya .22 kapena ya .30 malinga ndi kukula kwake, muikulunge kansanza, muizungulize mmenemo molowera kumene mazinga a ndodo amathinira kuti isamasukire pansi. Pa yafulati pamafunika kachopalira ka nkhope ya pulagi, kovekedwa kumapeto kwa ndodo.

Kutsuka kwenikweni ndi kupopa madzi. Ngati mpope ndi wokolowekedwa kumbuyo, zulani kachitsulo kopingasa komangira mpope pa mtengo, tukulani mpope, masulani nipo, imikani kumbuyo kwa mpope m'chidebe cha madzi ofunda okhala ndi sopo pang'ono. Kansanza kothina pa ndodo kamakhala ngati pisitoni: mukakoka madzi amalowa pa bowo la nipo, mukakankha amatuluka mwamphamvu ndi zonyansa zonse za m'njira ya moto. Popani mpaka madzi atuluke oyera, sinthani madzi, tsukuluzani. Madzi owira kwambiri amaumitsa msanga koma amabweretsa kadzimbiri kofiira nthawi yomweyo, ofunda ndi okwanira. Ngati mpope ndi womangidwa ndi mapini pa mtengo, musauchotsechotse, gwiritsani kapaipi kovekera pa nipo kopita m'chidebe. Umitsani ndi nsanza, pisani kotsukira kaliwo m'njira yochokera pa nipo, thiranimo sipiriti kuti athamangitse madzi otsala.

Kasikuluwu kamene kamakhala pambali pa ka drum kapena pa pulagi, ngati kamamasuka mosavuta, kamasuleni pa kutsuka kulikonse ndi kukabwezera ndi kagilisi. Ngati kanagwira kale dzimbiri, kasiyeni. Kupopa madzi kumatsuka bwino popanda iko, ndipo mutu wake suchedwa kuphwanyika.

Nipo imatha monga mmene chimathera kabowo ka pulagi yamakono. Chizindikiro choopsa ndi hamala kubwerera yokha m'mbuyo powomba, mwina mpaka kukakodwa pa theka. Apo kabowo ka nipo kakula, sinthani musanawombenso. China ndi mutu wa nipo kufutukuka chifukwa chomenyedwa ndi hamala popanda kapu. Kapu siikhala pansi, kumenya koyamba kumangoikhazika, kwachiwiri ndi pomwe ilira. Pogula yatsopano samalani mazinga: Thompson/Center ndi 1/4-28, CVA ndi Traditions ndi M6 x 1, Lyman ndi M6 x 0.75. Zimaoneka zofanana ndipo yolakwika imatha kulowa mazinga awiri kapena atatu, koma powomba ingathe kufwamphuka pafupi ndi nkhope yanu. Pa mazinga a nipo pakaninso kagilisi kaja, ndipo muimange mongokhazikika.

Kapu ya nambala 11 moto wake ndi wochepa ndipo uyenera kukhota kona usanafike ku wonga. N'chifukwa chake mfuti zotere zimalira bwino kwambiri ndi wonga wakuda weniweni, umene umagwira pa kutentha kotsika kuposa Pyrodex ndi Triple Seven. Blackhorn 209 ndi ma pellet si za mfuti zimenezi. Mukathira wonga, pendeketsani mfuti ku mbali ya nipo ndi kumenya mpope ndi chikhatho kangapo kuti mbewu zitsikire m'kachipinda ndi m'njira ya moto. Wonga wa FFFg, wa mbewu zazing'ono, umatsika bwino m'tinjira topapatiza kuposa wa FFg, wa mbewu zokulirapo. Pa mfuti yoyatsira ndi mwala, kabowo ka pambali kamakhala cha m'ma 1/16 ya inchi, ndipo mukaika wonga pisanimo kawaya kuti mutsegule njira musanathire wonga woyatsira pa kambale ka pambali pa kabowoko.

Mafuta: ochokera ku petulo akakumana ndi zotsalira za wonga wakuda amapanga phula lolimba pansi pa mpope. Mukasunga mfuti ndi mafuta otere, muwachotse onse musanaike wonga. Ndipo muziimika mlomo pansi posunga, kuti mafuta azitsikira kumlomo osati kukadikha m'pulagi.

Chitsulo_Chozizira

Pa funso lachiwiri lija. Mfuti yoyera, yosawombedwa chiitsukireni, ingagone ndi wonga n'kulira bwino mawa lake, bola zinthu zitatu. Chotsani primer kapena kapu, ndipo ikani chizindikiro pa mfutiyo kuti aliyense adziwe kuti muli wonga. Malamulo osungira ndi kunyamula mfuti yotere amasiyana malo ndi malo, tsatirani a kumene muli. Chachiwiri, mfuti yozizira musailowetse m'chipinda chofunda. Chitsulo chimachita thukuta kunja ndi mkati momwe, ndipo madontho a mumpita amanyowetsa wonga wa pa kabowo penipeni, umene uyenera kuyamba kugwira. Ikhale pamalo otsekedwa bwino koma ozizira chimodzimodzi. Chachitatu, ngati inawombedwapo kale tsiku limenelo ndi wonga wakuda, Pyrodex kapena Triple Seven, isagone choncho. Zotsalira zimakoka chinyezi usiku wonse. Tulutsani, tsukani, ikani wina m'mawa. Ikanyowa ndi mvula chitaninso chimodzimodzi. Katepi pamlomo wa mpope kamaletsa madzi kulowa ndipo sikasokoneza chipolopolo, chifukwa mpweya wotsogola umakang'amba.

Musanaike wonga woyamba, pukutani mpope ndi kansanza ka sipiriti kenako kouma. Ambiri amawomba primer kapena kapu ziwiri zitatu mumpope mopanda kanthu. Pa zachikale n'zofunika: lozetsani mlomo pa tsamba kapena udzu pansi, likagwedezeka ndiye kuti njira ndi yotseguka. Kapena tsindirani kansanza kouma mpaka pansi, wombani kapu ndodo mutaichotsa, kokani kansanzako ndi kokowera, muone ngati kapsa pakati. Pa yamakono imene pulagi yake mwaitsuka ndi sipiriti ili m'manja, imodzi ndi yokwanira. Kuwomba zambiri n'kungoyamba kudzaza mpita umene mwangoupala. Ndipo kapu siiumitsa mafuta ochuluka, imangowasandutsa phala lakuda.

Ikakana kulira wonga uli m'kati, mlomo ukhalebe ku chandamale kwa mphindi imodzi yathunthu, chifukwa moto ungakhale ukunyeka pang'onopang'ono. Ikatha mphindiyo chotsani primer yowombedwayo, kenako tsindiraninso chipolopolo, nkhope ndi thupi zili kutali ndi mlomo. Primer ya 209 payokha imatha kukankha sabot kuichotsa pa wonga, ndipo kuwomba pali mpata pakati pa wonga ndi chipolopolo kumatupitsa kapena kuphulitsa mpope. Ndodo yanu ikhale ndi mzere wosonyeza pamene imafika chipolopolo chikakhala pa wonga, ndi wina wosonyeza mpope wopanda kanthu. Ikakana kachiwiri musapitirize kuikamo ma primer. Pa yamakono masulani pulagi, khuthulani wonga, kankhirani chipolopolo kunja. Pa yachikale gwiritsani chotulutsira cha mpweya wa CO2 pa nipo, mlomo utaloza kotetezeka chifukwa chipolopolo chimatuluka ndi mphamvu, kapena nyowetsani wonga ndi madzi n'kuzula chipolopolo ndi sikuluwu ya pa ndodo.

Mpimo_Wolondola

A Nkhwazi, pogula pulagi yatsopano gulani ziwiri za nambala yogwirizana ndi mfuti yanu ndendende, chifukwa mapulagi a kampani imodzi amatha kufanana mazinga koma kusiyana utali. Zonse muziyese pa chandamale, muyezenso kukanikizika kwa primer pa iliyonse, popeza kuya kwa kachikho kumasiyana pang'ono. Imene ikutulutsa primer zoyera muisunge ya ulenje, inayo ikhale yophunzirira kuwomba.